Dzino linandigwira titangowoloka pa Tete

Achemwali, dzino limene mukuti limangonyong'ona mukamwa madzi ozizira lija musakwere nalo basi ya ku Joni, chonde. Langanso linayamba choncho, tikukonzekera kukadyera Khrisimasi kwa achimwene ku Joni. Kutatsala masiku atatu ndinapita kwa dokotala wina wa mano m'tauni muno. Anangosuzumira m'kamwa, n'kumata bowolo ndi zoyera zija zongoyembekezera, X-ray osajambula, ndalama n'kulandira. Akuti pitani mayi, tidzaonana Januwale.

Pa Mwanza tinadutsa bwinobwino. Titangowoloka Zambezi pa Tete, kutentha kwake mukukudziwa inu, dzino linayamba kugunda ngati mtima. Pofika pa Nyamapanda tsaya linali litatupa, diso lakumanzere layamba kuchepa. Ndinaima pamzere wa mapasipoti botolo la madzi lili patsaya, misozi ikungotsika yokha, mwana akundikoka chitenje kuti amayi mwatani. M'chikwama munali Panado awiri okha. Mayi wina amene tinakhala naye mpando umodzi anandipatsa asipirini kuti ndiike padzino penipenipo, ine n'kumvera. Musayerekeze! Inandiwotcha nkhama mpaka panayera ngati ndapsa ndi phala lamoto, ululu wa dzino uli pomwepo. Usiku wa pa Beitbridge sindinagone, thupi lili moto, malovu ndikumeza movutikira, kukamwa kukungotseguka pang'ono moti ngakhale bisiketi sinkalowa. Ndinayamba kuganiza zoti ndifera m'basi pamaso pa mwana wanga.

Ku Johannesburg khadi langa la medical aid analikana, poti sindinafunse ngati limagwira ntchito kunja kwa dziko. Achimwene analipira ndi ndalama imene anasungira nyama ya Khrisimasi. Dokotala wakumeneko anati mafinya anatsekeredwa pansi pa chomata chija, alibe potulukira. Anawatulutsa, anandipatsa maantibayotiki, pambuyo pake dzinolo anazula. Tchuthi chonse ndinathera phala ndi yogati. Mpaka lero ndikadutsa pakhomo pa kiliniki ya dokotala woyamba uja mtima umandiwawa. Munthu anamva ndi makutu ake kuti ndikuyenda ulendo wa masiku awiri, n'kungondimata ngati khoma, osandichenjeza chilichonse!

Komabe pitani kwa dokotala wa mano, mawa lomwe ngati n'kotheka, ndipo muumirire kuti ajambule. Ngati ati n'lozula, azule padakali masiku kuti bala lipole, asakugwireni m'kamwa ulendo utatsala tsiku limodzi kapena awiri. A medical aid muwaimbire musananyamuke, komanso ikani ma rand padera osawakhudza.

M'chikwama cha m'manja, osati chimene chalowa pansi pa basi, mukhale Panado, Brufen, thonje, mafuta a clove ochepetsa ululu wa dzino ndi kamchere kochukuchira m'kamwa ndi madzi ofunda. Panado wa 500mg, kwa munthu wamkulu, osapyola mapiritsi 8 patsiku. Brufen imwani mutadya, ndipo ngati muli ndi zilonda za m'mimba kapena ndinu woyembekezera musamukhudze. Poti mukupita ndi ana, wina akagwa n'kuguluka dzino lachikulu, ligwireni kumutu osati kumuzu, liikeni mumkaka, muthamangire kwa dokotala ola lisanathe.

Koma mukaona kutupa kukukwera kudiso kapena kutsikira kukhosi, mukulephera kumeza, musadikire kuti mukafike ngati mmene ndinachitira ine. Uzani kondakitala akutsitseni pa tauni yoyamba imene pali chipatala.