Chitembenuzeni kaye musanachipake guluu

Mayi wina wanditumizira imelo ndi zithunzi ziwiri. M'thumba la chikhoto chimene anagula pa kaunjika anapezamo tinthu tiwiri tofanana, todzaza timiyala tagalasi tonyezimira, kumbuyo kwake kuli kopanira ka timano. Atayesa kuvala ngati ndolo, khutu linatsala pang'ono kutuluka magazi. Akufunsa kuti ndi tantchito yanji, komanso ngati angathyole kopanirako n'kumatapo pini ndi guluu.

Funso lachiwirili landikhudza kwambiri. Amayi, guluu ayi, chonde.

Zimene mwapezazo dzina lake ndi dress clip, zopanira pakhosi pa diresi. Zinatchuka ku America ndi ku Ulaya m'zaka za m'ma 1930 mpaka m'ma 1940. Madiresi ambiri a nthawiyo ankasokedwa ndi khosi la ngodya zinayi kapena la V, ndiye mayi ankapana chimodzi pangodya iyi, china pangodya inayo. Ndi chifukwa chake zimabwera ziwiriziwiri. Inalinso nthawi ya mavuto a zachuma, pamene kugula diresi latsopano kunali kovuta, koma ndi zopanira ziwiri diresi lomwe lija linkaoneka lina: lero pakhosi, mawa pa lamba, Lamlungu pachipewa. Kampani ya Coro ya ku America inafika popanga kafelemu kokhala ndi pini, kotchedwa Duette, kamene setifiketi ya umwini wake ndi ya 1931. Zopanira ziwiri zimalowa m'kafelemuko n'kukhala chokongoletsa chimodzi cha pachifuwa, mukafuna mumazisololamo. Kampani ina, ya Trifari, inali ndi kake kotchedwa Clip-Mates. Anthu ambiri akapeza kafelemu kotere kali kokha amakataya poganiza kuti n'kothyoka, pomwe ndi komwe osonkhanitsa zinthuzi amakasakasaka.

Chimene chimasocheretsa anthu n'choti amayang'ana kumaso. Kumaso zonse zimafanana: maluwa, masamba, timiyala. Ntchito ya chinthucho imadziwika kumbuyo, ndipo wothyola kumbuyoko wafafaniza umboni wonse wa zaka zake, amene anachipanga ndi chimene anachipangira. Ine ndimati kumeneko ndi kuwononga, ngakhale zitatuluka zokongola bwanji. Chitsulo cha zambiri mwa izi ndi chosakaniza chotsika mtengo chimene amachitcha pot metal. Chimasungunuka ndi moto wochepa, choncho wowotcherera sangachilumikizenso chikathyoka. Guluu wamadzimadzi wouma msanga uja amayenderera n'kulowa pansi pa timiyala, ndiponso nthunzi yake imasiya chifunga choyera pagalasi.

Timiyalato tili ndi nkhani yake. Kuwala kwake kumachokera ku kapepala kasiliva kopyapyala komatidwa kunsi kwa galasi, ngati kalilole. Madzi akafika pamenepo kapepalako kamada, mwala n'kuzima mpaka kalekale. Musaviike m'madzi a sopo ngati mbale. Tengani mswachi wofewa wouma muchotse fumbi, kenako kathonje konyowa pang'ono chabe mupukute pamwamba, n'kuchisiya chozondoka pansalu ola limodzi. Mukaona zobiriwira pachitsulo, limenelo ndi dzimbiri la mkuwa ndipo limafalikira ku zinzake m'bokosi. Lipaleni ndi kamtengo kotokosera m'mano konyika mu viniga, kutali ndi miyala. Muonenso zolembedwa pakopanirapo. Mawu oti STERLING, kutanthauza siliva, nthawi zambiri amaloza zaka za nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, kuyambira 1942, pamene zitsulo zina ku America zinkasungidwira zida ndipo makampani anayamba kugwiritsa ntchito siliva.

Kusiyanitsa mitundu yake

Tsegulani kopanirako ndi chala chachikulu. Kakakhala kachitsulo kophwatalala, kotambalala, kotalika pafupifupi ngati chinthu chonsecho, kokhala ndi timano tating'ono kunsi, imeneyo ndi ya diresi, monga zanuzi. Mukapeza minga iwiri italiitali yosongoka yoyenda pa sipuling'i imodzi, ndi fur clip, yobayira pachikhoto cha ubweya wa nyama kapena nsalu yokhuthala. Kampani ya Eisenberg ya ku Chicago inapanga zikuluzikulu zolemera za mtunduwu. Pansalu yopyapyala imasiya mabowo awiri ndipo imalendewera. Ya nsapato kopanira kake n'kakafupi, mwina sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka, kolimba, kongokwanira kuluma m'mphepete mwa nsapato, ndipo pa zina pamalembedwa MUSI, dzina la kampani imene inazipanga. Ndolo yopanira ilibe mano, kumbuyo kwake n'kosalala ndi kozungulira. Ziwiri zolumikizidwa ndi katcheni ndi zogwirira juzi yongokoleka pamapewa, fashoni ya m'ma 1950. Yokhala ndi mphete yotseguka kumbuyo ndi ya sikafu: nsonga ziwiri za nsalu zimadutsa m'mphetemo, n'kutseka.

Sipuling'i ikafooka, musaipinde ndi pulayala. Pindani kansalu kokhuthala kamasentimita awiri, mukaike kuseri kwa diresi pamene mano akulumapo. Kamathandiza kugwira ndipo kamateteza nsalu yosalala kuti isakokeke ulusi.

Zanuzo zivaleni mmene zilili. Panani pangodya ziwiri za khosi la bulauzi yachitenje, nsonga zitaloza pansi, kapena chimodzi pamfundo ya duku, pamene nsalu yapindana kawiri ndipo mano apeza pogwira. Mukafuna cha pakhosi, panani chimodzi pa riboni yokhuthala ya sentimita imodzi ndi theka m'lifupi. Ndipo musazilekanitse: ziwiri pamodzi zili ndi mtengo woposa wa chimodzichimodzi. Pozisunga, chilichonse chikhale m'kansalu kakekake pamalo ouma, kuti timiyala tisakandane.