Yankho kwa achimwene ofunsa za chigaza cha ng'ombe ndi maluwa

Achimwene, mwafunsa kuti chithunzi mwaponya mugulumu chija, cha chigaza cha ng'ombe chokhala ndi maluwa oyera, anajambula ndani, ngati kumbuyo kwake kuli zaufiti, komanso ngati munthu wongoyamba kumene penti wa oil (penti wamafuta wojambulira zithunzi) angatolepo kanthu. Ndaona m'makomenti ena akuti ndi zachisataniki, ena akuti ndi AI kkk ayi ndithu abale, chithunzicho ndi chakale kuposa agogo a ambiri a ife muno. Anajambula ndi mayi wa ku America dzina lake Georgia O'Keeffe mu 1931, dzina la chithunzicho ndi Cow's Skull with Calico Roses ndipo chimasungidwa ku Art Institute of Chicago, kutalika kwake pafupifupi masentimita 91, mulifupi 61.

Mayiwa anabadwa mu 1887 pafamu ya ng'ombe zamkaka kufupi ndi Sun Prairie ku Wisconsin, ndiye ng'ombe sizinali zachilendo kwa iwo. Anaphunzitsako zojambula ku Texas, kenako anakakhala ku New York komwe anakwatiwa ndi Alfred Stieglitz, wojambula ndi kamera, mu 1924. Kutchuka kwawo kunayambira pa maluwa. Ankatenga duwa limodzi lokha n'kulikulitsa mpaka kudzaza chinsalu chonse, maganizo awo anali oti anthu a mutauni amangodutsa duwa osaliona chifukwa ndi laling'ono ndipo iwo ali pa changu, ndiye ukalikulitsa afune asafune ayima. Chimodzi mwa zimenezi, Jimson Weed/White Flower No. 1 cha 1932, chinagulitsidwa ku Sotheby's, kampani yogulitsa zinthu pa okushoni, mu 2014 pamtengo wa madola 44.4 miliyoni, nthawi imeneyo palibe chithunzi cha mzimayi chomwe chinali chitafikapo pamenepo, komatu duwa lakelo ndi la chitsamba chapoizoni chongomera chokha m'mbali mwa msewu.

Tsono za zigazazo. Mu 1929 anapita kukakhala miyezi ingapo ku New Mexico, dera louma, lamapiri ofiira, komwe anthu amaweta ng'ombe, mahatchi ndi nkhosa m'maranchi akuluakulu. Chaka chotsatira kunali chilala ndipo ziweto zambiri zinafa, mafupa ali mbwee m'tchire atayera ndi dzuwa. Kumeneko maluwa sapezeka chisawawa ngati kwawo, ndiye mayiwa poyenda ankatola mafupa, mpaka anadzaza mgolo n'kuutumiza ku Lake George m'chigawo cha New York komwe ankakhala ndi amuna awo nyengo yotentha. Chithunzi chanucho chinachokera mu mgolo umenewo. Maluwa mukuwaonawo si enieni, ndi opangidwa ndi nsalu, omwe anthu a ku New Mexico ankakongoletsera manda. Apa ndiye ena anena kuti mwaona, ndi za imfa basi. Chabwino, munthu ali ndi ufulu wowerenga choncho ndipo sindingamutsutse kwenikweni, koma eni akewo ankakana, ankati kwa iwo mafupawo ndi okongola ndipo amaoneka amoyo kuposa nyama zoyendayenda. Zaufiti zokhazo ndiye palibe olo pang'ono, zimenezo tikungoziika ife chifukwa kwathu kuno ukaona chigaza pakhomo pa munthu umayamba wabwerera kaye m'mbuyo.

Chaka chomwecho cha 1931 anajambulanso Cow's Skull: Red, White, and Blue chomwe chili ku Metropolitan Museum ku New York, chigaza pakati, m'mbali mofiira, kumbuyo buluu, mitundu ya mbendera ya America. Chimenechi chinali ngati kuwaseka azibambo aluso a ku New York omwe ankangokhalira kukamba zopanga chinthu chachikulu cha chi America chenicheni pomwe ambiri a iwo dziko lawolo sankalidziwa, maso ali ku Europe. Mu 1935 kunabwera Ram's Head, White Hollyhock-Hills, mutu wa nkhosa yamphongo ndi nyanga zake zopotana uli lende m'mwamba pamwamba pa mapiri, duwa limodzi pambali, chili ku Brooklyn Museum. Malo otchedwa Ghost Ranch, ku New Mexico komweko, mayiwa anawadziwa mu 1934, anagulako nyumba mu 1940, ndipo atamwalira amuna awo mu 1946 anasamukiratu ku New Mexico mu 1949. Anamwalira ku Santa Fe mu 1986 ali ndi zaka 98, maso atayamba kale kuvuta cha kuma 1970 koyambirira.

Koma chomwe ndikufuna muone inu ngati wophunzira ndi ichi, bwererani pa chithunzi chanucho muchikulitse pa foni. Chigaza ndi choyera, maluwa ndi oyera, kumbuyo nakonso koyera, kungoti pali mzere wakuda wotsika pakati. Ndiye zikutheka bwanji kuti chilichonse chikuoneka pachokha osasakanikirana? Ndi chifukwa choti palibe malo omwe anangofinya penti woyera wa mu chubu n'kupaka. Pamphumi pa chigaza pali kuyera kopita ku chikasu, m'mabowo a maso muli gireyi wozizira, m'mphepete mwa mphuno momwe fupa lathetheka muli tizidutswa tosongoka tomwe anatsata kamodzikamodzi, pomwe maluwa ndi ofewa, mapindo ake akusungunukirana. Fupa likumveka kuuma, nsalu ikumveka kufewa, penti wake yemweyo. Apa ndiye pali sukulu yonse ya oil, ndipo kwa ine chithunzichi chimaphunzitsa kuposa cha madola 44 miliyoni chija. Mayiwa ankasakaniziratu mitundu yawo pa galasi loyera bwino asanakhudze chinsalu, ankasunga timakadi topakapo mitundu yomwe anayeserapo kuti asamangolota, ndipo maburashi awo ankakhala aukhondo kwambiri. Ife timafuna kusakaniza pachinsalu pomwepo ndi burashi imodzi yomweyo kuyambira m'mawa, mapeto ake chilichonse chimasanduka mtundu wa matope.

Ngati chomwe mukufuna ndi ziweto zamoyo, ng'ombe zikuthamanga, anyamata a pahatchi ndi zingwe zawo, O'Keeffe si wanu, fufuzani Charles M. Russell wa ku Montana, anabadwa 1864 n'kumwalira 1926. Ameneyu anagwiradi ntchito yolondera ziweto usiku kwa zaka zambiri asanayambe kudyera luso, ndipo ankakonda kuumba tinyama ndi phula la njuchi, mwendo wa hatchi ankaudziwa ndi zala zomwe. Anatchuka ndi kachithunzi kakang'ono ka penti wamadzi, ka ng'ombe yowonda nthiti zili pamtunda itaima mu chipale, mimbulu ikuizungulira, kosonyeza nyengo yozizira ya 1886 mpaka 1887 yomwe inapululutsa ziweto ku Montana. Palinso Frederic Remington, koma ineyo ndimakonda Russell, nyama zake zimalemera, zimaponda pansi zenizeni.

Komabe musayambire pa ng'ombe yamoyo achimwene, siyima, mukamati mwagwira khosi yatembenuka kale. Pitani kwa abutchala mupemphe chigaza cha mbuzi kapena cha ng'ombe, muchiwiritse, muchotse zonse zotsalira, chiume padzuwa masabata angapo kutali ndi agalu. Muchiike pa tebulo pafupi ndi windo kuti kuwala kuzichokera mbali imodzi, pansi nsalu yoyera, pambali duwa limodzi. Duwa lenileni limafota musanamalize chifukwa oil amachedwa kwambiri kuuma, ndiye a pulasitiki kapena a nsalu aja amagulitsa mu msika ali bwino poyambira, mwaona kuti ngakhale mayi aja anatero. Mitundu musagule yambiri, woyera, yellow ochre (wachikasu ngati dothi), burnt umber (wabulauni woderapo), ultramarine (wabuluu) ndi wofiira mmodzi zakwana, gireyi wabwino amatuluka mukasakaniza umber ndi ultramarine n'kuthira woyera, wakuda wa mu chubu musiyeni kaye.

Chinsalu chisakhale chosapaka, mafuta amadya ulusi pakapita zaka, yambani mwapaka gesso, penti woyera wotetezera chinsalu, kawiri kapena katatu. Leya yoyamba ikhale yopyapyala, penti wosungunula ndi tepentaini pang'ono, mungoika pomwe pali mdima ndi pomwe pali kuwala basi osathamangira timing'alu. Maleya apamwamba ndi omwe mumawonjezera mafuta a linseed, osungunulira penti wa oil, pang'onopang'ono. Mukatembenuza, pansi mafuta ambiri pamwamba ochepa, pamwambapo pamauma msanga pansi pakadali pofewa ndiye chithunzi chimang'ambika. Oil sauma ngati madzi kuti auluke, mafutawo amagwirana ndi mpweya n'kulimba, ndi chifukwa chake umber mawa lake amakhala atagwira pomwe woyera wa titanium amatha masiku angapo akumatabe chala, ndipo pa chigaza woyera ndiye wochuluka, ndiye konzekani kudikira. Vanishi dikirani miyezi 6 kapena kuposa. Ndipo chonde, ndaona wina pamwambapa akuti mafuta ophikira amagwira ntchito, musayerekeze, ambiri mwa amenewo sauma bwino, chithunzi chimangokhala nyatanyata n'kumatola fumbi. Penti wa gloss wopakira zitseko nayenso ndi nkhani ina, amauma msanga ndipo sakulolani kusalaza mthunzi ngati wa pamphumi paja. Tepentaini gwiritsani mawindo ali otsegula, ndipo tinsanza topukutira mafuta a linseed musatiunjike pamodzi pakona, timatha kutentha tokha mpaka kuyaka, tiyanikeni panja kapena tiviikeni m'madzi.

Mukajambula choyamba muponye konkuno tione, koma mujambule ndi foni masana panja pamthunzi osati ndi fulashi, penti wa oil akadali wamuwisi amanyezimira ndiye mithunzi yonse ya pachigaza sitidzaiona.