Azakhali, akuti mwana wanga anamukhwimira

Azakhali,
Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala kufupi ndi pa Chitakale ku Mulanje. Mwana wanga wachiwiri anadwala malungo aakulu ali ndi zaka 4, nakomoka masiku 6. Chitsitsimukireni sayankhula, khosi ndi lawedewede, ndiponso amagwa khunyu. Pano ali ndi zaka 7. Ndinasiya kuthyola tiyi kuti ndizimusamala, ndipo kulikonse ndimapita naye kumsana ngakhale miyendo yake imandifika m'mawondo. Apongozi akuti bambo ake anamukhwimira kuti golosale iziyenda, ndiye tipite kwa sing'anga. Ndatopa, koma ndikamusiya ndi munthu wina mtima sukhala m'malo. Nditani?
Mayi wa ku Chitakale

Mayi,
Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo pa miyendo yofika m'mawondopo misozi inalengeza. Zaka 3 muli naye kumsana, si zamasewera.

Mwanayo sanamukhwimire munthu. Malungo akafika ku ubongo, ubongowo umatupa. Mu 2015 madokotala ofufuza pa chipatala cha Gulupu ku Blantyre anaonetsa zimenezi atajambula ubongo wa ana odwala pogwiritsa ntchito makina oona m'kati mwa thupi otchedwa MRI. Ana ena akapulumuka amatsala ndi khunyu, ena sayendanso kapena kuyankhula. Ndalama ya kwa sing'angayo ikhale ya minibasi. Apongoziwo muwatenge tsiku lokalandira mankhwala pa chipatala cha boma ku Mulanje, akamve okha kwa adokotala. Mawu omwewo akachokera kwa mkamwana kapena mtengwa sawamva, ndimadziwa.

Mankhwala a khunyu asadumphe ngakhale tsiku limodzi. Akagwa, mugonekeni chammbali, kutali ndi moto, ndipo musamuike supuni kapena chala m'kamwa. Zikapitirira mphindi 5, thamangirani kuchipatala. Khunyu sapatsirana, abale ake asaope kumugwira.

Podya ndi pamene ndimaopa kwambiri. Musamudyetse atagona chagada, chifukwa chakudya chikalowera ku mapapo amadwala chibayo. Mukhazikeni tsonga, mutu mutauchirikiza, phala likhale lolimbako, la nsinjiro, pang'onopang'ono. Akagona muzimutembenuza pakapita maola awiri alionse kuti asatuluke zilonda m'chiuno. Kuchipatalako funsaninso a mafizo akuphunzitseni kuwongola manja ndi miyendo kuti isaume n'kupindika, ndipo akuuzeni za mpando wake wapadera. Ku chipatala cha Kachere ku Blantyre ntchito yawo ndi yomweyi.

Tsono za inu. Mtima wosakhala m'malowo ndikuumvetsa, poti ndinu nokha amene mumazindikira kuti kulira uku ndi njala, uku ndi ululu. Koma msana wanu ukathyoka adzamunyamula ndani? Sankhani munthu mmodzi, kaya mchemwali wanu kaya mnzanu wa ku Mvano, mumuphunzitse kadyetsedwe inu muli pompo, kwa sabata yathunthu. Kenako musiyireni mwanayo ola limodzi lokha, inu mukagone. Bambo akenso aphunzire kumusambitsa, golosale ikhoza kutsegulidwa mochedwerako. Ndipo mukafunse kwa amfumu ngati banja lanu lingalembedwe pa Mtukula Pakhomo.

Mundilembere pakatha mwezi, mundiuze mmene akudyera.
Azakhali