Mipingo yambirimbiriyi inachokera kuti?

Achimwene, funso lanu lija loti bwanji mipingo yachuluka chonchi pomwe Yesu ndi mmodzi, nkhani yake njakalekale, sinayambire kuno kwathu ayi. Mu 1054 mpingo wa ku Rome ndi wa ku Constantinople anasiyana, makamaka pa nkhani ya mphamvu za Papa, kenako mu 1517 Martin Luther ku Germany anatsutsa zogulitsa makalata a chikhululukiro, mpamene achipulotesitanti anayambira, ndiye amishoni pobwera kuno anabwera atagawanagawana kale. A Livingstonia anafika 1875, a Blantyre 1876, onse ochokera ku Scotland koma mipingo iwiri, a Dutch Reformed anayamba ku Mvera 1889, Akatolika nawo akumanga Kachebere ku Mchinji uko. Agogo athu anangolowa tchalitchi chomwe chinali pafupi ndi mudzi, kawirikawiri chifukwa cha sukulu basi.

Komatu kugwirizana kunachitikapo, CCAP ija ndi Livingstonia ndi Blantyre ataphatikizana mu 1924, a Nkhoma nkudzalowa 1926. Chimene chimandiwawa ine kuno ku Kasungu nchoti ma sinodi awiri a mpingo umodzi womwewo, ya Livingstonia ndi ya Nkhoma, akhala akukanganirana malire mpaka matchalitchi awiri a CCAP kumangidwa moyandikana, zimenezi sizachiphunzitso ayi, ndi za chilankhulo ndi maudindo. Pamaliro timaimbira limodzi bwinobwino, amvano ndi azimayi achikatolika kuphika pa moto umodzi, ndiye musandiuze kuti Lamulungu lokha ndiye nzosatheka.