Filimu ya magule ya ku India yandikopa, koma bambo akukana

Agogo, ndine mtsikana wa zaka 17, ndili Fomu 3. Ine ndi anzanga tinaonera filimu ya ku India yotchedwa ABCD, ya achinyamata a mumzinda wa Mumbai amene anadzipereka pa kuvina. Tayambitsa kagulu kathu ndipo timayeserera tikaweruka kusukulu. Bambo atamva anakalipa, akuti kuvina n'kwa ana osalangika ndipo mafilimu andisokoneza mutu. Kodi kuikonda filimuyi n'kulakwa? Kodi ndiziyeserera mobisa?

Mdzukulu wanga, filimu ukunenayo ndinaionera, ndipo ndinaikonda ngati iwe. Inatuluka mu 2013, anaitsogolera ndi Remo D'Souza, ndipo dzina lakelo likutanthauza kuti aliyense angathe kuvina. Kuikonda sunalakwe. Chomwe ndikufuna ndikufunse n'chakuti, unaionera bwanji? Pakuti pali kuonera ndi maso okha, pali kuonera ndi mtima womwe.

Maso amathamangira pomwe anyamata akugudubuzika mumlengalenga, pomwe magetsi akuthwanima, anthu akukuwa. Ine ndinakopeka ndi mphunzitsi uja, Vishnu. Munthu waluso amene mnzake wakale, mwini sukulu yaikulu ya magule, anamukankhira pambali atapeza mphunzitsi wochokera kunja. Anali atatsala pang'ono kulongedza katundu kubwerera ku Chennai, mzinda wa kummwera kwa India, pomwe anaona ana a m'makwalala a Dongri, dera lina la mu Mumbai, akulumpha makoma ndi madenga ngati agwape. Mphamvu anali nazo, luso linalipo, koma analibe mwambo. Anali magulu awiri odana, la Rocky ndi la D, osafuna n'kuimirirana pafupi. Ukaionerenso, uwerenge nthawi imene Vishnu anathera pa kuwaphunzitsa kusunga nthawi, kumvera, ndi kuleka kunyozana. Upeza kuti imeneyo ndiyo inali ntchito yaikulu, masitepe anabwera pambuyo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo gule wa anthu khumi savinika aliyense akamafuna kuti maso a anthu agwere pa iye yekha.

Amene anasewera ngati Vishnu ndi Prabhu Deva, mwana wa katswiri wokonza magule a m'mafilimu, Mugur Sundar. Ali mwana anaphunzira Bharatanatyam, gule wamakolo wa kummwera kwa India, amene mwana amaphunzira kwa zaka zambiri asanaloledwe kuvina yekha pagulu. Mu 2019 boma la India linamupatsa ulemu wa Padma Shri. Ndakuuza izi kuti udziwe kuti thupi lofewa ngati ulusi limene unaliona lija linaumbidwa pansi pa aphunzitsi. Kwawoko wophunzira amawerama n'kugwira mapazi a mphunzitsi wake popempha dalitso, ndipo wovina Bharatanatyam amayamba wagwira nthaka, kuipepesa chifukwa aipondaponda. Nditamva zimenezi ndinakumbukira anamkungwi athu. Ife pa chisamba sitinkangolowa m'bwalo. Tinkayamba tagwada, kuwomba m'manja, maso pansi, mpaka wamkulu atiloze kuti tiyambe. Ndinali ndi zaka zonga zakozi pomwe namkungwi wina anandibweza katatu chifukwa ndinkathamangira ng'oma isanandiitane. Anandimanga chitenje m'chiuno iye mwini, nachikoka mwamphamvu, nandiuza kuti ndimvetsere kaye ndi khutu, miyendo itsatira. Mpaka lero ndikamva mbalule ikulira, ndimayamba ndaima.

Tsono za bambo ako. Usawaone ngati mdani, mwanawe. Filimu yomweyo ikuwaikira umboni. Wamuiwala Chandu, mnyamata uja wovina mokoma kuposa ambiri, amene mankhwala ozunguza bongo anali atamugwira pakhosi? Kholo likamva kuti mwana wake wamkazi ali m'kagulu ka dansi, siliona bwalo loyera ayi. Limaona kubwera usiku, anyamata osadziwika kwawo, mowa wa m'masacheti, ndi mimba ya pasukulu. Zimenezi bambo ako anaziona ndi maso kwa ana a anzawo. Pamene akunena kuti kuvina n'kwa osalangika akulakwitsa, chifukwa iwo omwe anakulira pakati pa mganda, chimtali ndi malipenga, ndipo paukwati amavina n'kusupa. Koma mantha awo ndi oona, ndipo mwana wanzeru amayankha manthawo, sayankha mawu okalipawo.

Pali malo amodzi mufilimumo amene ndinapukuta misozi. Makolo atakana, ana aja sanatukwane, sanathawe pakhomo. Anavina pamaso pa makolo awo mvula ikuwakhuthukira, zovala zitamatirira pathupi, mapazi akumwaza madzi, kuti zimene pakamwa palephera kunena thupi linene. Ambiri mwa makolowo anafewa. Bambo ake a D sanafewe tsiku limenelo, ndipo ndinayamikira kuti opanga filimu sananamize ana kuti mtima wa kholo umatembenuka ndi gule mmodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Choncho zobisa ndakana. Ukayeserera mobisa, tsiku lomwe adzakupeze udzakhala watsimikizira zonse zimene ankaopa, ndipo sadzakukhulupiriranso ngakhale utanena kuti wapita kutchalitchi.

Chinanso chimene ndinachikonda ndi pomaliza paja. Pampikisano waukulu, gulu la olemera la sukulu yaikulu ija litawabera masitepe awo, ana a ku Dongri anatsala manja ali m'khosi. Anabwerera ku chimene ankachidziwa kuyambira ali aang'ono, gule wa chikondwerero cha Ganesh Chaturthi, chimene Ahindu a ku Mumbai amachita kwa masiku khumi cha mu Ogasiti kapena Seputembala, ng'oma zazikulu zikugunda m'misewu mpaka kukafika kunyanja. Chimenecho panalibe wowabera. Iwe ndi anzako mukukopera masitepe a ku Mumbai pafoni, si zoipa, phunzirani. Koma ndani mwa inu angalowe m'bwalo la chimtali osasokoneza mzere? Ndani anapitako kwa agogo ake kukafunsa mmene ankavinira chioda? Ana aja anapambana ndi zakwawo.

Ndipo usaganize kuti zonsezi ndi nthano za pakanema chabe. Ambiri mwa ovina mufilimuyi, monga Dharmesh Yelande ndi Salman Yusuff Khan, anadziwika kudzera mumpikisano wa pa TV wa Dance India Dance. Filimu yachiwiri, ABCD 2, ya mu 2015 inachokera pa moyo weniweni wa achinyamata a ku Nalasopara, kunja kwa Mumbai, ndipo mmodzi wa atsogoleri awo, Suresh Mukund, anadzapambana ndi gulu lake mpikisano wa World of Dance ku America mu 2019. Zimatheka. Koma India ali ndi makampani akuluakulu a mafilimu amene amalemba ovina ntchito chaka chonse, pomwe kuno wovina amadikira ukwati, chinkhoswe kapena woimba wofuna kujambula vidiyo. Mayeso a Fomu 4 uwagwire ndi manja awiri.

Uyambe ndi amayi ako kapena azakhali, uwafotokozere zonse, iwo ndiwo adziwa nthawi yabwino yolankhulira ndi bambo. Gulu lanu lipeze munthu wamkulu woliyang'anira, mphunzitsi wa kusukulu kapena mayi wa kumpingo amene makolo anu onse akumudziwa. Muziyeserera masana, pamalo poonekera, masiku awiri pa sabata, ndipo dzuwa lisanalowe ukhale uli pakhomo madzi utatunga. Teremu ikatha, ukawapatse bambo lipoti lako uli chogwada, kenaka uwapemphe kuti Loweruka lina adzakhale pampando pakhonde, inu muvine pabwalo la pakhomo pomwepo. Muyambe ndi chimtali, za ku Mumbai zibwere pambuyo.