Sewero la m'shedi ya tiyi, ndi lenileni?

Funso: Achimwene, Loweruka ndinakaonera sewero loyimba kuno ku Thyolo koma sanachitire mu holo ayi, anachitira m'shedi yakale yoyezera tiyi, tinalipo ochepa titakhala pa matumba, mtsikana woyimbayo anafika pafupi mpaka ndimamva kupuma kwake. Amayi analira, amalume anatuluka akuti zachibwana izi siteji ili kuti. Kodi limeneli ndi sewero lenileni?
Wowerenga wa ku Luchenza

Yankho: Ndi lenileni ndithu achemwali, ndipo ine ndakusilirani. Si zachilendo kwathu kuno, a Chancellor College Travelling Theatre ankayenda m'midzi m'zaka za m'ma 1980 kuchita zisudzo pabwalo, anthu atazungulira ngati m'mene timaonera tchopa. M'holo umatha kubisala kumbuyo, koma m'shedi woyimba akakuyang'ana m'maso opanda maikolofoni nyimboyo imakulowa mumtima, nchifukwa chake amayi misozi inatsika, mwinanso fungo la tiyilo linawakumbutsa masiku othyola. Amalume musawaweruze, ena kuyandikana choncho kumawachititsa manyazi. Ulendo wina akhazikeni chakukhomo, pa benchi.