Yankho kwa amalume pa nkhani yokhetsa madzi a mu injini ya Land Cruiser

Amalume, ndamva uthenga umene mwaika pa gulu lathu la banja, ndipo ndaganiza zoyankha pomwe pano kuti ena amene ali ndi galimoto zakale amve nawo. Mwanena kuti madzi a mu rediyeta ya Land Cruiser yanu ija afiira ndi dzimbiri, ndipo mukufunsa ngati n'kokwanira kungozula paipi ya pansi kuti atayike, kenako n'kuthira ena a pa mjigo. Kuzula paipi kumachotsa madzi ndithu, koma sikuwachotsa onse, ndipo madzi a pa mjigowo ndi amene sindikufuna kuti akhale mu injini imeneyo.

Ntchitoyi muigwire m'mawa, galimoto itagona usiku wonse osalizidwa. Chitsekerero cha rediyeta chimapanikiza madzi kuti athe kutentha kupitirira madigiri 100 popanda kuwira, choncho munthu akachitsegula injini ili yotentha, madziwo amatumphuka ndi nthunzi n'kumuwotcha kumaso ndi m'manja. Imikani galimoto pamalo athyathyathya, ikani mwala kunsi kwa tayala, ndipo kachogwirira ka hita m'kati mwa galimoto mukapititse kumbali yotentha kuti madzi a mu hita nawonso apeze njira. Injini yanuyo ndi 1HZ, ya dizilo, ya masilinda 6, imene Toyota inayamba kupanga mu 1990, ndipo imasunga madzi pafupifupi malita 10. Ndiye mutchere ndowa ya malita 20, osati kabeseni.

Pansi pa rediyeta, chakumbali, pali kampopi kakang'ono ka pulasitiki kokhetsera madzi, kokhala ndi timapiko tiwiri. Chotsani kaye chitsekerero cha pamwamba, ndiyeno mupotokole kampopiko ndi zala zokha, chifukwa pulasitiki ya zaka zambiri chonchi imauma ndipo pulayazi imangoithyola. Mukatsegula koma madzi n'kumangodontha, ndiye kuti matope a dzimbiri atseka pabowopo, ndipo mukhoza kutokosa pang'onopang'ono ndi kawaya. Zikakanika, apo m'pamene mungamasule paipi ya pansi ija, koma muziipotoza uku ndi uku mpaka itatakasuka, osaitema ndi sikuludalaiva, kuopa kuphwanya khosi la rediyeta.

Tsopano mbali imene anthu ambiri amaidumpha ndi iyi. Madzi akasiya kutuluka, yang'anani mu ndowa muone kuchuluka kwake. Mukapeza malita 5 kapena 6 okha, dziwani kuti otsalawo adakali m'thupi mwa injini, m'tinjira tozungulira masilinda, ndipo kumeneko n'kumene dzimbiri lambiri limadikha. Munthu akangothira madzi atsopano pamenepo, amasakanikirana ndi akale aja, ndipo pakangopita masabata ochepa rediyeta imafiiranso ngati sanachitepo kanthu. N'chifukwa chake m'mbali mwa injini anaikamo bawuti yakeyake yokhetsera madzi. Muifune ndi tochi chakumunsi kwa injini, muipukute, muithire mafuta ofewetsera dzimbiri, ndipo mudikire kanthawi musanaikepo sipanala yokwana bwino. Ikakana kutembenuka musalimbane nayo, amalume, chifukwa bawuti yodukira m'kati mwa injini ndi vuto lalikulu kuposa madzi akuda. Zikatero ndi bwino kuisiya n'kutsuka injiniyo kangapo m'malo mwake.

Musanachotse ndowa, onetsetsani madzi atulukawo. Dzimbiri lokha silindidetsa nkhawa kwenikweni, koma mukaona mafuta akuyandama pamwamba, kapena phala lotuwa litamatirira kunsi kwa chitsekerero, ndiye kuti oilo akulowa m'madzi kudzera pa gasiketi kapena pa choziziritsira oilo, ndipo pamenepo muimitse ntchito yonse mpaka makaniko ataiona.

Potsuka, madzi oyera a pa mpopi alibe vuto chifukwa sakhalitsamo. Tsekani mabowo onse, dzazani, lizani injini mpaka paipi ya pamwamba itatentha, umene uli umboni woti thermostat, kachipangizo kamene kamatsekera madzi njira ya ku rediyeta mpaka injini itatentha, yatseguka ndipo madzi akuzungulira ponseponse. Zimitsani, dikirani kuti izizire, khetsaninso, ndipo mubwereze mpaka madzi azituluka oyera. Musathire madzi ozizira mu injini yotentha pofuna kufulumira, chifukwa mutu wa injini ukhoza kung'aluka. Kabotolo ka pulasitiki kosungira madzi otsala kamene kali pambali pa rediyeta mukazule n'kukatsukanso. Ndipo wina akakuuzani kuti muchotseretu thermostat poti kuno n'kotentha, ine ndikupempha kuti mukane, chifukwa injini yopanda thermostat imachedwa kufika pa kutentha kwake koyenera, imadya mafuta ambiri ndipo imatha msanga.

Za madzi a pa mjigo, tangosuzumirani m'ketulo imene mumawiritsira madzi amenewo tsiku ndi tsiku, muone chikhokho choyera chimene chimamata pansi pake. Chikhokho chomwecho n'chimene chimatseka timapaipi ting'onoting'ono ta mu rediyeta, ndipo zotsatira zake zimaonekera pa chitunda chochokera ku Chikwawa kupita ku Blantyre m'mwezi wa October, galimoto italemedwa ndi katundu, geji ya kutentha kwa injini ikukwera. Ambiri amaganiza kuti coolant, mankhwala aja othira mu rediyeta, ndi wa kumayiko ozizira kumene madzi amaundana, koma ntchito yake kwa ife ndi kuteteza chitsulo ku dzimbiri ndiponso kuchititsa kuti madzi asawire msanga. Gulani wa mtundu umodzi, ndipo musasakanize wofiira ndi wobiriwira. Werengani pa chigubu, chifukwa wina amabwera wosungunula kale pamene wina amafunika kusakaniza theka ndi theka ndi madzi osefedwa, aja ogulitsidwa kuti azithira mu batire. Ngati bawuti ija inakana, mu injini mwatsala kale madzi otsukira, ndiye muyambe ndi malita 5 a coolant wosasungunula, kenako mudzazitse ndi madzi osefedwawo.

Thirani pang'onopang'ono, ndipo mulize injini chitsekerero chili chosatseka kuti mpweya wotsekeredwa utuluke. Mudzaona thovu likukwera ndipo madzi akutsika, inu muzingowonjezera mpaka thovulo litatha ndiponso hita itayamba kutulutsa mpweya wofunda. Mukatero tsekani, yendani kaulendo kakafupi maso ali pa geji, ndipo m'mawa mwake muyang'anenso mlingo wa madzi komanso pansi pa galimoto ngati padontha.

Madzi akale aja musawakhuthulire pabwalo kapena pafupi ndi chitsime, ngakhale akuoneka ngati dzimbiri lokhalokha. Coolant amakoma ngati shuga koma ndi poizoni woononga impso, ndipo agalu, mbuzi ngakhale adzukulu anu aang'ono aja akhoza kumwa. Atsanulireni m'chigubu chotsekeka bwino, mulembepo kuti ndi poizoni, ndipo mukafunse ku galaja ngati angawalandire. Coolant watsopanoyo mudzamusinthe pakatha zaka ziwiri. Bawuti ya m'mbali ija ikakuvutani kupeza, mujambule mbali zonse ziwiri za injini n'kutumiza pomwe pano, ndikulozerani pamene ili musanayambe kumasula chilichonse.